Kuti Besi ya Amalume Imveke

Lolemba, 4 Meyi

Dzulo ku holo yatsopano ija, dansi ya Lamlungu masana. Anthu odzadza, ambiri achikulire, nsapato zopolisha. Ovina ndiye ochepa. Ena amangoyendayenda pakati ngati ataya ndolo.

Titamaliza kuimba, mwini holo anatiitanira kukhomo lakuseri. Munthu wosazungulira. "Nyimbo zanu n'zokoma, koma zilibe mimba. Anthu anga amavina ndi chiuno, osati ndi makutu." Watipatsa mwayi umodzi, Lamlungu la pa 17. Zikakoma, holo ndi yathu Lamlungu lililonse. Zikakanika, aitana bandi ina.

Pobwerera m'galimoto, alamu, poti ndiwo oimba ndiponso otipezera ntchito, anayamba kugawa milandu. Akuti besi simveka, ndipo sinamvekepo chaka chino. Akuti ine ndiziimba besi ndi dzanja lamanzere pa kiyibodi, Amalume apume. Ananena motsitsa mawu, koma galimoto yathu ndi ya anthu anayi, si sitima. Amalume pa mpando wakutsogolo, maso pawindo, osatembenuka. Ulemu wa achikulire, ndinatero mumtima. Chigubu, wang'oma wathu, anangogwira chiwongolero ngati sali pomwepo.

Bandiyi anaiyamba ndi Amalume ine ndisanabadwe. Kiyibodi anandiphunzitsa ndi iwo, atandikhazika pa mitsamiro iwiri kuti ndifikire. Ndiye lero ndiwachotse ndi dzanja lomwe analiumba okha? Ayi ndithu.

Ndipo mlandu si wawo. Masipika athu awiri aja ndi a mainchesi 12, apamitengo, mawu a pansi sawadziwa. Kaampu ka Amalume kamaloza m'miyendo mwawo, alamu n'kumakatsitsabe kuti kasawasokoneze poimba. Besi imveka bwanji? Ndinawauza alamu titatsika: tigule sabuwufa, bokosi lotulutsa mawu a pansi okhaokha. Thumba la bandi likwanira bokosi limodzi basi. "Chabwino Atelala, sankhani. Koma bokosi lanulo likalephera, wokawauza ndinu. Ine ndi apongozi anga amenewa, sindingathe."

Ndavomera. Za masabuwufa sindidziwa ngakhale chimodzi.

Lachiwiri, 5 Meyi

Kushopu makasitomala ochepa. Madiresi awiri, thalauza lofupikitsa, yunifolomu ya namwino. Pakati pake maso pafoni, kuwerenga za masabu.

Ndi dziko lonse kodi! Alipo ofuna ampu yapadera, alipo okhala ndi ampu yawoyawo m'mimba, ongolumikiza kumagetsi ndi ku mikisa yosonkhanitsa mawu a zida zonse. Otiyenera ndi a m'mimbawo, katundu tili naye wambiri kale. Kenako kukula: mainchesi 12, 15, 18. Kenako mawati. Bokosi limodzi manambala awiri, yaikulu kutsogolo, yaing'ono kuseri m'tizilembo tofuna magalasi. Yaikuluyo akuti ndi mphamvu ya kamphindi, yaing'ono ndiyo yomwe lingapirire nayo tsiku lonse. Mwamuna wofunsira ndi mwamuna wa m'banja.

Chomwe chandisangalatsa: mawu a pansi ndi aatali. Funde limodzi la chingwe chachikulu cha besi akuti limapitirira mamita asanu ndi atatu. Ndinayeza shopu ndi tepi, mamita asanu. Ndiye kuti noti ya Amalume singakwane m'chipinda chomwe ine ndimakhalamo tsiku lonse? N'chifukwa chake galimoto ya anyamata ikadutsa pamsewu timamva dii dii m'mawindo, nyimbo yeniyeniyo osaimva.

Zipi ya diresi la buluu ndaisoka chadodolido. Kumasula, kusokanso.

Lachitatu, 6 Meyi

Ndadzera kwa Amalume poweruka, kukawauza za bokosi. Ndinawapeza pakhonde akupaka mafuta khosi la gitala. Wailesi yawo yakale ili pa shelefu, fumbi lokhalokha. Akuti masiku ano mulibe nyimbo.

Ndimayesa asangalala. Ndinawafotokozera za mafunde, za mainchesi, manja m'mwamba ngati mlaliki. Anandiyang'anitsitsa mpaka ndinamaliza. "Kaampu kanga kamandikwanira, mwanawe. Wa besi sakhala kutsogolo." Kudzichepetsa kwa anthu akale. Ndinawauza kuti nthawi yobisala yatha, dziko liwamve. Anangoseka pang'ono n'kupitiriza kupukuta.

Za alamu sindinanene.

Lachinayi, 7 Meyi

Msewu wa zamagetsi. Sitolo yoyamba anyamata atatu, masipika onse akulira nthawi imodzi, nyimbo zitatu zosiyana. Ndikafunsa kanthu yankho n'kukweza voliyumu. "Iyi mayi imagwetsa denga." Denga la eni ake ndiligwetserenji? Ndinatuluka makutu akulira.

Kumapeto kwa msewu, kasitolo kopapatiza, fungo la waya wopsa. Mayi wachikulire pa benchi, magalasi pachingwe, akuwotcherera m'mimba mwa ampu. Onse amangowatchula Mayi Wamasipika. Sanandionetse kanthu. Mafunso okhaokha. Holo yaikulu bwanji? Pansi simenti kapena matabwa? Anthu angati? Masitepe alipo? Onyamula ndani, misana yawo ili bwanji? Galimoto yotani? Ndimayesa wobwera kudzafunsa ndine.

Kenako mabokosi awiri, la 15 ndi la 18. La 18 msinkhu wa kafiriji. Anaika nyimbo motsitsa, n'kunditenga dzanja kuliika pa dzenje la kutsogolo. Mphepo! Bokosi likupuma ngati ng'ombe. Ndinasolola mapini atatu pakolala, telala sayenda wopanda, n'kuwaika pamwamba. Pa la 15 amangonjenjemera. Pa la 18 anayenda okha mpaka kugwa pansi. Ndinaseka ngati mwana.

Kuseri kuli kotembenuza, dzina lake kolosova. Ndi mpanda: mawu a pansi pake apite ku sabu, a pamwamba atsale ku masipika athu. Mpanda ukakwera kwambiri mawu a woimba amalowa m'bokosi, n'kumamveka ngati munthu ali mumgolo. Alamu mumgolo. Ndaganizira kawiri.

Ndinafuna kuyesa ndi nyimbo ya m'foni mwanga. Anakana. "Ya m'foni anaikonza kale akatswiri, imakoma paliponse. Sabu muyese ndi munthu wanu, gitala yake, zala zake." Loweruka abweretsa mabokosi onse awiri kumene timayeserera, tikhale nawo mpaka Lachisanu linalo. Akuti Amalume amawadziwa, anavinapo nyimbo zawo ali mtsikana.

Lachisanu, 8 Meyi

Nthawi ya nkhomaliro ku holo ndi tepi yanga ya mita ndi theka. Mlonda kundiyang'ana ngati ndabwera kudzaisokera holo diresi. M'litali mamita 22, m'lifupi 12. Pansi matabwa. Masitepe khumi ndi limodzi, opapatiza, okhota pakati. Soketi ya magetsi imodzi yokha pafupi ndi siteji, yogwedera.

Galimoto ya Chigubu nayo ndaiyeza kumbuyo. La 15 likwana pambali pa ng'oma. La 18 likwana titasiya ng'oma, kapena Chiguboyo.

Loweruka, 9 Meyi

Timayeserera kuseri kwa shedi ya ukalipentala ya Chigubu, pakati pa zitseko zosamaliza. Mayi Wamasipika anatula mabokosi, kulumikiza, n'kubwerera kusitolo. Chigubu anayamba walizungulira lililonse akugogoda ndi chibakera, kununkhiza m'mphepete. Akuti thabwa lake ndi lenileni, si utuchi womata. Besi ya Amalume kwa nthawi yoyamba inalowa mu mikisa.

Tinayamba ndi la 18. Nyimbo yotsegulira. Mayo ine! Utuchi kutsika padenga, misomali m'chitini kuimba nawo. Besi yonenepa, yozungulira, noti iliyonse pamalo pake. Zaka zonsezi ndimaimba pambali pa chinthu chotere osachimva? Chigubu anaiwala kumenya, pakamwa yasa. Amalume maso pa manja anga monga mwa masiku onse, kumwetulira pang'ono. Alamu ndinawayang'ana dala.

Nyimbo yachiwiri, ya chikondi ija. Chisokonezo. Besi kwina, ife kwina, ngati anthu awiri akukokerana chitseko. Tinaima pakati. Alamu: "Bokosi ili ndi ladisikodi. Lakulitsa, likuchedwa kutembenuka." Chigubu anavomereza, akuti thabwa lalikulu limapindika. Anazula mawaya, kulumikiza la 15, kuyambiranso pa nyimbo yotsegulira. Yokoma. "Mwaona?" Kenako kunabwera kasitomala wa zitseko, kuyeserera kuthera pomwepo.

Amuna agamula: la 15 labwino, la 18 lodwala. Amalume amangopukuta zingwe.

Ine zikundizunguza mutu. Bokosi lingakome nyimbo imodzi n'kudwala inzake? Ndipo yachiwiriyo pa la 15 sitinaiyese.

Lolemba, 11 Meyi

Kwa Mayi Wamasipika m'mawa ndisanatsegule shopu. Safunsa anadya phula. Ndinawafotokozera za bokosi ladisikodi. Anaseka mpaka kuvula magalasi. "Sipika sisintha nyimbo, mwananga. Chimene mwaidyetsa ndi chimene imalavula." Akuti chipinda chimatha kunamiza, noti ina kufufuma, ina kusowa, makamaka bokosi likakhala pangodya. Koma kuchotsa nyimbo pa kiyi yake kuiika pa ina, ayi. "Mukaone gitala. Gitala ikakhala bwino, mukaone munthu."

Mawu omalizawo ndayenda nawo tsiku lonse ngati kamwala m'nsapato.

Lachiwiri, 12 Meyi

Chigubu anandisiyira shedi masana. Ndekha ndi la 18. Kiyibodi mu mikisa, mano a kumanzere limodzilimodzi. Amalume ndiwo amawatchula mano, oyera ndi akuda, ndipo ine dzina lina sindinaphunzire. Lililonse linatuluka loona. Bokosi lilibe mlandu.

Ndinaika hamala pa dzino limodzi kuti lizilira lokha, n'kuyamba kuyenda m'shedimo. Zodabwitsa! Pakhomo chifuwa kuchita kunjenjemera. Kuyenda mapazi atatu, zii, ngati lazimitsidwa. Pangodya mutu kufuna kuphulika. Mawu omwewo, bokosi lomwelo. Ndinasintha dzino, malo a zii nawo anasamuka. Amapita kuti mawuwo? Ndinajambula ndi choko pansi monse. Chigubu adzayesa kunabwera ana a sukulu. Ku holo tidzayende chomwechi tisanaliike.

Gitala ya Amalume inali m'chikwama chake pakhoma. Ndinaitulutsa, mozemba ngati ndikuba. Zingwe zinayi ndinaziyesa ndi kachuna ka m'foni, zonse zolondola. Kumutu kwa gitala kwapanidwa kachuna kawo, kamagetsi obiriwira, katsopano. Kale ankakanyoza kameneka, ankati chuna ndi khutu. Anakagula liti?

Si bokosi. Si gitala.

Kushopu ndinachedwa. Mayi wa diresi la buluu ndinawapeza atakwinya nkhope pakhomo.

Lachitatu, 13 Meyi

Kuyeserera, pa la 15. Ndinapempha tiyambe ndi ya chikondi ija. Chisokonezo chomwe chija. Yotsatira, yokoma. Inayo, yoipa. Ndinatola pensulo ya Chigubu n'kumalemba kuseri kwa lisiti la misomali. Nyimbo khumi ndi ziwiri: zisanu ndi zitatu zokoma, zinayi zoipa. Chigubu akuti mabokosi onsewa ndi a mimba imodzi, tiwabweze. Alamu anandikokera pambali. "Kapena bokosi langonena zomwe ndinkanena ine, Atelala."

Ndikulongedza, chala chinapita chokha pa batani la tiransipozi kulibweza pa ziro, monga ndimachitira nthawi zonse. Ndinaima. Lisiti lija m'manja.

Nyimbo zinayi zija ndi zomwe tinatsitsa mu Januwale, alamu atadwala chifuwa mawu osafikanso pamwamba. Kutsika mano awiri. Ine ulesi, m'malo moziphunziranso ndimangodina batani. Zala zimayenda pa mano akale, kiyibodi n'kumatulutsa kiyi yatsopano. Alamu analengeza pamaso pa tonse tsiku lija, Amalume n'kugwedeza mutu. Koma mpaka lero akuimba pa kiyi yakale. Miyezi inayi, ndipo palibe anamva, chifukwa kaampu kaja kamangouza mawondo awo.

Munthu wa khutu ngati lawo angaimbe miyezi inayi mano awiri pamwamba pa anzake osamva? Yankho ndikuliopa. Koma ndikufuna kulidziwa.

Lachinayi, 14 Meyi

Ndinawapempha Amalume tikumane awiri kushedi, ndati andithandize poyambira nyimbo ina. Anabwera atavala jekete, monga amachitira popita kukaimba.

Choyamba. Batani pa ziro. Ndinayamba ya chikondi ija pa kiyi ina ndithu, ndi zala, osawauza. Noti ziwiri zokha, iwo alowamo kale, ndendende. Ndinasamukiranso kwina pakati pa nyimbo. Ananditsata ngati mthunzi.

Chachiwiri. Zala pomwepo, ndinadina batani mobisa, mano atatu m'mwamba. Bokosi linayamba kukangana ndi kiyibodi mpaka mano anga enieni kuwawa. Iwo phee, kumwetulira, maso pa dzanja langa lamanzere.

Chachitatu sindinachikonze. Ndinatembenukira kukhoma ngati ndikukonza waya, n'kunena mokweza ndithu kuti Amalume, jekete lanu lang'ambika kumbuyo. Zii. Munthu wosamala jekete kuposa nkhope.

Sakumva. Amawerenga zala zanga. Nthawi yonseyi ndimati amandiyang'ana chifukwa chonyadira mwana wa mlongo wawo. Mwina n'zoona, koma amafunanso njira. Ndiye ine ndakhala ndikuwalozera njira yabodza, m'maholo, pamaso pa anthu. Nkhuyu zodya mwana zapota wamkulu. Manyazi andigwira ngati malungo.

Ndinapita kuseri kwa matabwa kukalira pang'ono. Pobwerera ndinati utuchi wandilowa m'maso. Ndinanena ndikuwayang'ana, ndipo anamva bwinobwino.

Lachisanu, 15 Meyi

Tsiku lobweza bokosi limodzi. Kunena zoona, m'mawa ndinaganiza zobweza onse awiri. Popanda sabu palibe adzamve cholakwa. Komanso popanda sabu holo yapita, ndi Amalume omwe. Kapena kuligula n'kumalitsitsa mwakachetechete pa nyimbo zinayi zija? Kubisa munthu ndi bokosi lomwe ndaligulira kuti amveke. Ayi.

Tatenga la 15. Mayi Wamasipika anawerenga miyeso yanga, akuti holo yamatabwa ya mamita 22 liikwana. Tiliike pansi, pakati kutsogolo kwa siteji, osati pamwamba pake. Kolosova pa 100. Kagetsi kofiira kakayamba kuphethira, titsitse, lafika polekezera. La 18 ndimalikonda, ndinalisisita potsazika, koma masitepe khumi ndi limodzi ndi msana wa Chigubu zalikana. Amuna anasankha bwino pa chifukwa cholakwika. Sindiwauza, angadzitame.

Za munthu sanandifunse mayi aja. Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuwonjezera waya wautali wa basera.

Alamu ndawauza kuti vuto ndalipeza, linali ku kiyibodi. Si bodza. Pa batani ndamatapo pulasitala. Nyimbo zinayi ndiziphunzire pa kiyi zake zenizeni, ziwiri mano akuda okhaokha. Masiku awiri.

Loweruka, 16 Meyi

Zala kuwawa. M'mawa wonse kiyibodi pa tebulo lodulira nsalu, makasitomala kudikira ndi kupereka maganizo. Mayi wa diresi la buluu akuti ya chikondi ija ndimaithamangitsa. Sakunama.

Masana kushedi. Kiyibodi ndinaitembenuza cham'mbali, dzanja lamanzere kuloza kwa Amalume, choikapo mapepala ndinachotsa. "Mwanawe, wasinthiranji malo?" Ndinati kuwala kwa pawindo. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana pulasitala.

Nyimbo zonse khumi ndi ziwiri, besi pamalo pake. Wolakwitsa ndinali ine, kasanu, ndipo ndikaphonya iwo amaphonya nane limodzi, mokhulupirika. Zimenezo zandiopsa kuposa zonse.

Alamu akuti bokosi lazolowera, linkafunika kutenthetsa. Chigubu akuti matabwa atsopano amatero.

Lamlungu, 17 Meyi

Masitepe khumi ndi limodzi, Chigubu kudandaula pa lililonse. Tinafika anthu asanabwere. Ndinaika buku lolemera pa dzino limodzi n'kuyenda holo yonse kufuna malo a zii. Awiri okha, kumene kuli matebulo. Bwino. Soketi yogwedera ija ndinaimanga ndi kansalu kotsala.

Anthu anavina. Nyimbo yoyamba isanafike pakati matabwa akuyankha kale. Bambo wina wa imvi anasiya ndodo pampando. Ine maso pa zala, thukuta m'khwapa, kuopa ngakhale kukanda mphuno. Pa nyimbo yachisanu ndi chinayi alamu anawerama. "Atelala, mawu atha, dinani kabatani katsike." Ndinapukusa mutu. Ananditong'olera maso. Ndinapukusabe. Pamwamba paja analira ngati chitseko chopanda mafuta, anthu n'kuwombera m'manja poyesa ndi luso.

Mwini holo: "Mimba ija yabwera." Holo ndi yathu! Alamu anawagwira Amalume dzanja ndi manja awiri, atawerama, akuti besi ngati imeneyi kulibe kwina. Nkhani yopuma yafera pomwepo. Ndasangalala mpaka kuyamba kuganiza za bokosi lachiwiri.

Amalume okha sanakondwe monga ndimayembekezera. Anakhala pa bokosi latsopanolo akukulunga waya wawo pang'onopang'ono, maso pa anthu akutuluka. Kutopa, ndikuganiza.

Lachitatu, 20 Meyi

Amalume abwera kushopu m'mawa uno. Jekete, gitala kumsana. Anadikira kasitomala atuluke. Gitala anaigoneka pa tebulo lodulira nsalu.

"Pulasitala ija ndinaiona, mwanawe. Zikomo." Zaka ziwiri akuti. Linayamba kugontha khutu lamanzere, kenako linzake. Kugunda amakumva m'miyendo, koma kuti noti ndi iti, ayi.

Ndinawauza kuti palibe vuto, palibe akudziwa, zala zanga zilipo, batani sindidzalikhudzanso. Ndinalankhula zambiri, nkhope yanga pamaso pawo kuti aone pakamwa. Anandisiya ndimalize.

"Lamlungu anthu anandimva, ndinaona miyendo yawo. Ine sindinadzimve. Kale ndikasochera ankadziwa ndi mawondo anga okha. Tsopano tsiku lina udzayetsemula, ine ndidzasochera, bokosi lako n'kulengeza holo yonse. Ndichoke anthu akadavina."

Ndinati ndiye bokosilo ndikalibweze. Anaseka. Akuti bokosi ndi labwino, ndinasankha bwino, likungofuna munthu wa makutu. Akuti oimba kiyibodi ali mbwee, alamu apeza wina mawa lomwe, koma besi ya dzanja lamanzere si besi. Gitala anaikankhira kwa ine n'kutuluka. Sindinawaitane. N'kuitaniranji msana?

Shopu ndatseka masana. Mkwiyo, chisoni, sindikudziwa. Masabata awiri ndikuyeza maholo kuti iwo akhale, ndipo chomwe ndagula ndicho chawachotsa.

Gitala ndaivala. Yolemera. Ndimayembekezera kuti igwera m'mawondo, poti iwo ndi aatali. Yakhala pachiuno ndendende. Ndayang'ana lamba. Pali bowo lina patali ndi awo aja, loboola ndi msomali, lokhota pang'ono. Chikopa ndimachidziwa. Bowo latsopano limayera m'mphepete.

Ili lada kale.